Pomwe fupa la mwana limakulira ndi pomwenso limathyokera

Mwana wa mlongo wanga ndi goloboyi. Ali ndi zaka 12 anagwa pabwalo lina ku Mufakose, kuno ku Harare, Loweruka m'mawa, podumphira mpira wam'mwamba, ndipo anafikira dzanja lamanzere. Amene mumapita kukaonerera ana akusewera m'mwezi wa Ogasiti mukudziwa mmene mabwalo athu amakhalira: udzu unauma kalekale, pansi pali gwa ngati pakhonde lasimenti. Anadzuka atafumbata mkono koma sanalire, poti anzake anali pomwepo. Akochi anaugwiragwira, n'kumuuza kuti agwedeze zala. Zala zinagwedezeka, ndiye mlandu unathera pomwepo: wangobinya.

Kunyumba agogo ake anachita zimene ankatichitira ifeyo tili ana. Madzi otentha, kansalu, kuthowa m'mawa ndi madzulo, kenako kusisita ndi mafuta uku akukoka dzanjalo kuti mtsempha ubwerere m'malo. Anachita ndi mtima wonse, ndipo sindiwaimba mlandu, chifukwa inenso ndinkaona n'kukhala chete. Patatha masiku 10 mwanayo ankalepherabe kunyamula kapu ya tiyi. Nditamufunsa kuti pakupweteka m'pati, analoza ndi chala chimodzi pomwe munthu amamangira wotchi.

"Apa, amalume. Pafupa penipenipo."

Kuchipatala atamujambula, adokotala anationetsa kamzere kakuda kopingasa kumapeto kwa fupa la mkono, ndipo kamutu ka fupalo kanali katasendera kumbuyo pang'ono. Anati tikanabwera tsiku loyamba kapena lachiwiri akanakabwezera m'malo, koma pakadutsa sabata ndi masiku angapo fupa la mwana limakhala layamba kale kugwirana, ndipo kulikoka mokakamiza kungaononge malo amene fupalo limakulira. Anamuika chikhakha n'kutipatsa tsiku lobweranso. Chichokereni tsikulo ndakhala ndikufunsa ndi kuwerenga za kamzere kameneka. Ndaona kuti ambirife, makolo ndi makochi omwe, tikamagwira mkono wa mwana timaganiza kuti ndi mkono wa munthu wamkulu, kungoti ndi waung'ono. Mkati mwake muli zosiyana kwambiri.

Mukamadya nkhuku yoyera, zija za masabata 6 zimene timagula ku Mbare, yang'anani kumapeto kwa fupa la mwendo. Pali kachipewa kofewa kamene kamachoka mosavuta mukakaluma. Nkhuku yachikuda yokalamba ilibe zimenezo, fupa lake ndi limodzi lolimba mpaka kunsonga. Mafupa a mwana ali ngati a nkhuku yoyamba ija. Fupa lalitali, monga la ntchafu, la msongolo kapena la mkono, silitalikira pakati. Limatalikira kumapeto, pa kagawo kopyapyala ka fupa lanthete kamene kali pakati pa thunthu la fupa ndi mutu wake. Madokotala amakatchula kuti growth plate, ine ndizingoti malo okulira. Mmenemo timaselo timaswana n'kumasanjikizana m'mizere, timafufuma, kenako timafa n'kusiya mpata woti kashiamu alowe ndi kuumitsa. Fupa latsopano limapangika kumbali ya thunthu, mutu wa fupa n'kumakankhidwira kutsogolo. Fupa lanthete silioneka pa X-ray, n'chifukwa chake pamaoneka kamzere kakuda ngati mng'alu ngakhale mwa mwana wabwinobwino, ndipo nthawi zina amajambulanso mkono winawo kuti ayerekeze.

Malo okulirawa sagwira ntchito mofanana. Mwendo umatalikira kwambiri pabondo: kumunsi kwa fupa la ntchafu kumawonjezera pafupifupi sentimita 1 pachaka, kumtunda kwa msongolo pafupifupi mamilimita 6. Mkono umatalikira kwambiri paphewa ndi padzanja, pachigongono pang'ono chabe. Mwana akatha msinkhu malowa amayamba kutsekeka, ena msanga ena mochedwa, kwa atsikana cha m'zaka 14 mpaka 16, kwa anyamata cha m'zaka 16 mpaka 18. Akatsekeka, kutalika kwatha.

Chichewa chathu chimati mtsempha pa zinthu zambiri: wodutsa magazi, womva kupweteka, ndiponso zingwe zolimba zimene zimamanga fupa ndi linzake pamfundo. Zingwe zimenezi ndi zimene zimakokeka kapena kung'ambika munthu akabinya. Kwa wamkulu fupa ndi lolimba kuposa zingwe, ndiye akagwa zingwe ndi zimene zimagonja. Kwa mwana zingwe nthawi zambiri zimakhala zolimba kuposa malo okulira, ndiye kugwa komweko kumathera pafupa lanthete. Pa mafupa 100 othyoka mwa ana, pakati pa 15 ndi 30 amathyokera pamenepa. Ana amabinya ndithu, makamaka pakakolo, koma mawu akuti wangobinya timathamangira kuwanena tisanaone bwino.

Mu 1963 madokotala awiri a ku Toronto, Robert Salter ndi Robert Harris, anagawa kuthyoka kwamtunduwu m'magulu asanu, ndipo mpaka lero mukaona pakhadi la mwana palembedwa Salter-Harris ndi nambala, n'zimenezi. Gulu loyamba ndi lachiwiri, mng'alu umatsata malo okulira chopingasa, ndipo ambiri amachira bwino ndi chikhakha. Lachiwiri ndi limene limachuluka, ndipo ndi limene anali nalo goloboyi wathu. Lachitatu ndi lachinayi, mng'alu umalowa mpaka m'mfundo, ndiye zidutswazo zimayenera kubwezeredwa ndendende, kawirikawiri ndi opaleshoni. Lachisanu ndi lobisika: malo okulira amaphwanyika chifukwa chotsindikizidwa, X-ray ya tsiku loyamba osaonetsa kanthu.

Choopsa chake chimabwera mochedwa. Pamalo oonongekawo pamatha kumera kamlatho ka fupa louma kolumikiza thunthu ndi mutu. Kakagwira malo onse, fupalo limasiya kutalika, mwendo umodzi n'kutsalira. Kakagwira mbali imodzi, mbali inayo imapitiriza kukula ndipo mwendo umayamba kukhota pang'onopang'ono. Izi zimaoneka patatha miyezi 6, mwinanso chaka, banja litaiwala zoti mwana anagwapo. Werengerani nokha: mnyamata wa zaka 10 akatsekeka kumunsi kwa ntchafu, zaka 6 kapena 7 zimene zatsala zija zimatanthauza masentimita 6 kapena 7 osowa. Ndiye adokotala akati mubwerenso ngakhale mwana akuthamanga bwinobwino, sakufuna kukudyerani ndalama ya kombi. Akufuna kuona ngati kamzere kaja kakadali kotseguka, chifukwa kamlathoko kakapezeka msanga pali zimene angachite.

Palinso zabwino zimene mwana amaposa nazo wamkulu. Fupa lake limakutidwa ndi kachikopa kochindikala kokhala ndi magazi ambiri, ndiye limapola msanga, mkono wothyoka pang'ono masabata 3 kapena 4 basi. Nthawi zambiri silithyoka n'kudukiratu, limapindika n'kung'aluka mbali imodzi ngati nthambi yaiwisi ya gwafa. Ndipo likapola lokhota pang'ono pafupi ndi malo okulira, limadziongola lokha pamene mwana akukula. Koma ubwino womwewu ndi umene umatipusitsa. Mkono wothyoka ngati nthambi yaiwisi suoneka wothyoka, ndipo zala zimagwedezeka ndithu, chifukwa minofu imene imakoka zala ili kumtunda, cha kuchigongono. Mayeso a gwedeza zala aja sauza munthu chilichonse za fupa. Chimene chimanena zoona ndi ichi: mwana akuloza ndi chala chimodzi pafupa pafupi ndi mfundo, mukadinapo akudumpha, patupa, ndipo sakufuna kugwiritsa ntchito mkonowo kapena sakutha kuponda masitepe anayi. Ameneyo akajambulidwe tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake.

Podikira kupita, madzi otentha asiyeni kaye, chifukwa m'masiku awiri atatu oyamba kutentha kumawonjezera kutupa. Ikani chozizira chokulunga m'kansalu kwa mphindi 15 kapena 20, mkono muuchirikize ndi katoni yopinda, m'patseni paracetamol malinga ndi msinkhu wake. Aspirin si wa ana. Ngati mkono kapena mwendo wakhota moonekeratu, musayese kuuongola, ndipo musamugulire maheu kapena banzi panjira, chifukwa akafunika kugonekedwa tulo kuti aongole fupa, m'mimba muyenera kukhala mopanda kanthu.

Kamzere ka padzanja kameneka kanafika mpaka ku FIFA. Kuyambira mpikisano wa dziko lonse wa osapitirira zaka 17 wa 2009 ku Nigeria, amaunika dzanja la osewera ndi makina a MRI. Malo okulira akapezeka atatsekekeratu, amaona kuti mwina mnyamatayo wapitirira zaka. Mu Novembala 2020 timu ya Zimbabwe inachotsedwa mumpikisano wa COSAFA, wa maiko a kum'mwera kwa Africa, wa osapitirira zaka 17, pamodzi ndi Botswana, Comoros ndi Eswatini, chifukwa cha mayeso amenewa. Anthu ambiri anakamba za manyazi. Ine chimene chimandipweteka pa nkhani yobera zaka ndi mwana wa zaka 14 zenizeni amene amaima moyang'anizana ndi mnyamata wa zaka 19. Wina mafupa anakhwima, wina akadali anthete pabondo, ndipo akagundana sitifunsa kuti agonja ndani. Ngakhale popanda kubera, anyamata awiri a zaka 13 amatha kusiyana kwambiri, wina ndevu zayamba, wina mawu sanasinthe. Kochi wanzeru amayang'ana zimenezo powagawa.

Chigongono chili ndi nkhani yakeyake, ndipo imachuluka nyengo ya mabulosi ndi ya mango, pamene ana a zaka 5 mpaka 8 amakhala m'mitengo. Mwana akagwa n'kufikira dzanja mkono uli woongoka, fupa limathyoka pamwamba penipeni pa chigongono. Kutsogolo kwa malowa kumadutsa mtsempha waukulu wa magazi opita kudzanja, ndiponso mitsempha yoyendetsa zala. Nsonga ya fupa ikhoza kuupanikiza, ndipo kutupa kumawonjezera. Tsopano wina akabwera n'kumanga mwamphamvu ndi timitengo ndi nsanza, kapena ndi mphira, magazi amalephera kuyenda. Minofu yosowa magazi imayamba kufa pa maola ngati 6, ndipo ikafa imauma n'kufupika, zala n'kupindikira mkati ngati phazi la nkhuku moyo wonse. Dokotala wa ku Germany, Richard von Volkmann, anafotokoza zimenezi mu 1881, ndipo chimene ankachenjeza chinali kumanga kothina komweku. Zizindikiro zake n'zosavuta kuona: ululu ukukulirakulira ngakhale wamwa mankhwala, mwana akulira mukaongola zala zake, zala zatupa, zazizira, zachita dzanzi kapena zasintha mtundu. Izi zimachitika ngakhale ndi chikhakha cha kuchipatala, ndipo sizidikira kuti kuche. Za mphini ndinganene mwachidule: kutema pamalo otupa pamwamba pa fupa lothyoka n'kutsegulira tizilombo khomo lolowera kufupa.

Zonsezi ndi za kugwa kamodzi. Koma ana ambiri amene ndimawaona akutsimphina pabwalo sanagwe n'komwe.

Mnyamata akafika zaka 13 kapena 14, mtsikana 11 kapena 12, amatha kutalika masentimita 8 mpaka 10 m'chaka chimodzi. Mafupa amathamanga, minofu imatsalira n'kumakungika ngati chingwe choyanikira zovala. Minofu yayikulu ya kutsogolo kwa ntchafu imatsika n'kudutsa pa kafupa ka pabondo, n'kukamangika pa kachitunda kamene kali pansi pa bondo, pamwamba pa msongolo. Mwa mwana kachitundako ndi kanthete. Kumenya mpira kulikonse, kudumpha kulikonse, kumakakoka. Pakapita miyezi kamatupa n'kumapweteka, makamaka pogwada, pokwera masitepe ndi akamaliza kusewera. Matendawa amatchedwa Osgood-Schlatter, kuchokera kwa madokotala awiri, wina wa ku Boston wina wa ku Zurich, amene anawafotokoza aliyense payekha mu 1903. Ana ocheperapo, a zaka 8 mpaka 14, zofananazo zimawagwira pachidendene, pomwe pamamangika mtsempha wa katumba. Mukaona mwana akutuluka m'bwalo akuyendera zala, n'kudumpha mukafinya chidendene mbali zonse ziwiri, n'kutheka kuti ndi matenda amene James Sever anawalemba mu 1912. Jombo zamisomali pabwalo louma la m'chilimwe zimawakulitsa, makamaka jombo zosiyiridwa ndi akulu ake zimene mkati munatha.

Matenda awiriwa amatha okha malo okulira akatsekeka, ngakhale kachitunda ka pabondo kamatha kutsala kotukuka. Safuna jakisoni, safuna opaleshoni, ndipo nthawi zambiri safuna kuti mwana asiyiretu mpira. Amafuna kuchepetsa: masiku ochepa pasabata, kudumpha kochepa, kutambasula minofu ya ntchafu ndi katumba tsiku lililonse, kachidutswa kofewa m'nsapato pansi pa chidendene. Muyeso wake ndi wakuti ululu ukamamutsimphinitsa, kapena ukamafika m'mawa mwake, ndiye kuti dzulo anapitirira. Chimene sindigwirizana nacho n'komwe ndi kumwetsa mwana mapiritsi a ululu asanalowe m'bwalo kuti amalize mpikisano.

Ndikudziwa chimene chimatikankha. Tinakulira kumva za Moses Chunga ku Rufaro ndi ku Gwanzura, tinaona Benjani Mwaruwari, mwana wa makolo a kwathu ku Malawi, akufika ku Portsmouth ndi ku Manchester City, ndipo Khama Billiat anatuluka mu Mufakose momwemuno. Kwa banja limene ntchito ikusowa, mwendo wa mwana umaoneka ngati munda. Ndiye mwana waluso amasewera timu ya sukulu, akaweruka amapita ku akademe, Loweruka ali ndi timu ya kudera, Lamulungu amuitana akuluakulu kuti adzaze nambala. Temu yoyamba anali pa mpikisano wa liwiro wa masukulu, wa NAPH kupulayimale kapena NASH kusekondale, temu yachiwiri mpira, tchuthi mipikisano. Ukafunsa amati m'mera mpoyamba. Mwambiwo ndi woona, koma mlimi aliyense amadziwanso kuti m'mera ndi umene suchedwa kuthyoka. Madokotala a zamasewero a ana amapereka muyeso wosavuta kukumbukira: maola a masewero okonzedwa pasabata asapitirire zaka za mwana, ndiye wa zaka 11 asadutse maola 11, ndipo akhale ndi tsiku limodzi kapena awiri opumira. Amalangizanso kuti asanathe msinkhu azisewera masewero osiyanasiyana.

Ndikaganiza za ubwana wathu ndimaona kuti tinali ndi chitetezo chimene sitinkachidziwa. Tinkamenya chikulunga mumsewu, anzathu Achishona amati chikweshe, ndipo ukatopa umakhala pansi popanda wokuimbira wezulo. Mawa lake fulaye, jingo, phada, kukwera mitengo. Thupi linkagwira ntchito mbali zonse. Bungwe la WHO limati mwana wa zaka 5 mpaka 17 azithamanga kapena kusewera mphindi 60 patsiku, ndipo mafupa amalimba chifukwa cha kudumpha ndi kuthamanga komweko. Musandimve ngati ndikuti ana akhale m'nyumba pa foni. Chimene chimaononga ndi kubwereza chinthu chimodzimodzi, pamalo amodzimodzi, mopanda kupuma.

Tsopano pali ululu wina umene umavala nkhope ya mpira pamene si wa mpira, ndipo apa ndikupempha kuti muwerenge mofatsa. Mwana wa zaka 10 mpaka 16, makamaka wonenepa, akamadandaula bondo kapena ntchafu, akutsimphina, phazi likuloza kunja, vuto likhoza kukhala m'chiuno. Mutu wa fupa la ntchafu umaterereka pamalo okulira. Mtsempha womva ululu wa m'chiuno umafikanso kubondo, ndiye mwana amaloza bondo, bondo n'kujambulidwa, n'kupezeka lili bwino, miyezi n'kumapita. Ameneyu asaponderenso mwendowo mpaka chiuno chijambulidwe, chifukwa likangoyamba kuterereka amaligwira ndi sikuluwu imodzi, koma likaterereka lonse mutu wa fupa ukhoza kufa. Mwa ana aang'ono a zaka 4 mpaka 8, makamaka anyamata, kutsimphina kosatha kopanda ululu wambiri kukhoza kukhala matenda a Perthes, pamene magazi amachepa m'mutu womwewo wa fupa.

Mwana akatentha thupi n'kukana kuponda, kapena mfundo yatupa, yatentha, sakulola kuti muigwedeze, musamvere zoti anagwa dzana. Ana onse anagwa dzana. Tizilombo toyenda m'magazi timakonda kukhazikika pafupi ndi malo okulira, pomwe magazi amayenda pang'onopang'ono, ndipo mafinya akadzaza m'mfundo amaidya m'masiku ochepa. Uku n'kopita usiku womwewo. Ululu wa msana wosatha pamodzi ndi kuonda ndi thukuta la usiku, kuno kwathu timayenera kuganizira TB ya mafupa. Ndipo ululu wa fupa limodzi umene ukudzutsa mwana usiku, ukukula sabata ndi sabata, kenako n'kutupa cha pabondo, ufunika X-ray chifukwa khansa ya mafupa imakonda zaka zomwezi ndi malo omwewa. Ndi yosowa, koma imabisala m'mawu akuti anamumenya pa mpira. Ululu wa kukula umene agogo amanena ulipodi, koma uli ndi khalidwe lake: umagwira miyendo yonse iwiri, m'minofu, madzulo kapena usiku, osatupa, ndipo m'mawa mwana amadzuka n'kuthamanga ngati sanalire.

Mutu si fupa la mwendo, koma ndisadutse osanena: mwana akagunda mutu n'kuchita chizungulire, kusokonezeka kapena kusanza, atuluke m'bwalo ndipo asabwereremo tsiku limenelo, ngakhale iye mwini atalumbira kuti ali bwino.

Atsikana timawaiwala pa nkhani zimenezi, chonsecho ntchemberembaye ndi masewero athu mbali zonse ziwiri, timu ya Queens kumudzi ku Malawi ndi a Gems kuno ku Zimbabwe, amene anathera pa nambala 8 pampikisano wa dziko lonse wa 2019 ku Liverpool. Masewerowa ndi odumpha n'kuima mwadzidzidzi, nthawi zambiri pasimenti kapena pa phula. Mkati mwa bondo muli chingwe chopingasa chimene madokotala amati ACL, ndipo atsikana akatha msinkhu chimawadukira kangapo kuposa anyamata. Kawirikawiri palibe amene wamugunda: watera ndi mwendo umodzi uli woongoka, bondo n'kugwera mkati, amva kuti thu, pakangopita maola ochepa bondo ladzaza. Mwai Kumwenda chinamudukira mu 2018 akusewera ku Melbourne Vixens, ndipo anakhala miyezi yambiri kunja kwa bwalo ngakhale anali ndi madokotala onse. Mtsikana wa ku Mabvuku kapena ku Epworth chikamudukira, nthawi zambiri masewero athera pomwepo.

Apa ndi pamene ndimasangalala, chifukwa chitetezo chake sichifuna ndalama. Pali ndondomeko yotenthetsera thupi ya mphindi 20 yotchedwa FIFA 11+: kuthamanga pang'onopang'ono, kulimbitsa minofu ya pamimba ndi kumbuyo kwa ntchafu, kuima ndi mwendo umodzi, ndi kuphunzira kutera mawondo atapindika, akuloza komwe zala za kuphazi zikuloza. Ataiyesa ku Norway pa atsikana pafupifupi 1,900 a zaka 13 mpaka 17, zotsatira za mu 2008 zinaonetsa kuti kuvulala kunachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Inanso ya ana osapitirira zaka 13, 11+ Kids, inachepetsa kuvulala pafupifupi ndi theka. Zonse zili pa intaneti kwaulere. Makochi athu ambiri ndi anthu odzipereka amene salandira kanthu, ndipo ndikukhulupirira kuti ataona zimenezi kamodzi, kuzungulira bwalo kawiri kuja n'kuyamba mpira kukanatha.

Fupa limamangidwanso ndi mbale. Mwana wa zaka 9 mpaka 18 amafuna kashiamu wambiri kuposa bambo ake, pafupifupi mamiligalamu 1,300 patsiku, chifukwa m'zaka zimenezi ndi mmene amasungira mphamvu ya mafupa ya moyo wonse. Matemba odyera limodzi ndi minga yake, kapena usipa ukabwera ndi basi ya ku Blantyre, ndi chuma chenicheni. Mkaka wowawasa, bonongwe, nkhwani zotendera, nyemba, mazira pamene apezeka. Dzuwa la vitamini D tili nalo lokwanira. Vuto limene ndimaona ndi mwana wochoka kunyumba atamwa tiyi yekha, n'kukathamanga maola awiri madzulo. Kwa mtsikana wothamanga kwambiri, msambo ukaima miyezi 3 osakhala ndi pakati, thupi likunena kuti chakudya chikuchepa poyerekeza ndi ntchito, ndipo mafupa amayamba kufooka n'kumang'aluka okha pamsongolo kapena paphazi. Azakhali ndi amayi ndi amene angamve zimenezi, kochi wamwamuna sangauzidwe.

Za matewe makolo amafunsa kawirikawiri. Mwana woyamba kuyenda amakhala ndi miyendo yokhotera kunja mpaka zaka 2, kenako mawondo amagundana cha m'zaka 3 ndi 4, n'kuongoka okha pofika zaka 7. Oyenera kuonedwa ndi amene kukhotako kuli mwendo umodzi, kukukulirakulira, kapena kwapitirira zaka zimenezi. Apa malo okulira amathandiza adokotala: amaika kachitsulo kakang'ono mbali imodzi kuti iyambe yadikira, mbali inayo n'kumakula mpaka mwendo uongoke, koma zimatheka pokhapokha kamzere kaja kasanatsekeke. Khanda lobadwa ndi phazi lopindikira mkati, pafupifupi mmodzi pa ana 1,000, limaongoledwa ndi zikhakha zosintha sabata iliyonse mwa njira ya Ponseti, kenako nsapato zapadera zogonera nazo mpaka zaka 4 kapena 5, ndipo likayamba m'masabata oyamba limadzamenya mpira ngati wina aliyense.

Njira ya chithandizo mu Harare imayambira kukiliniki ya khonsolo ya kudera kwanu, kumene amalemba kalata yopita ku Parirenyatwa, ku Sally Mugabe kumene ambirife timangoti ku Gomo, kapena ku Chitungwiza Central. Fupa lokhota moonekeratu, bala lofika pafupa, kapena kutentha thupi ndi mfundo yotupa, pitani molunjika ku casualty, kumene amalandira odwala mwadzidzidzi. A mafizo alipo m'zipatala zazikuluzi, ndiponso ku St Giles ku Milton Park. Kwa ana amene anapola mokhota kalekale, a matewe aakulu ndi a mapazi opindika, chipatala cha CURE chimene chinatsegulidwa ku Bulawayo mu 2021 chimachita maopaleshoni a mafupa a ana popanda kulipiritsa banja, ndipo ndi chibale cha Beit CURE ya ku Blantyre imene yakhala ikugwira ntchito kuyambira 2002. Ndikudziwa kuti ndalama ya X-ray siikhala m'thumba Loweruka masana. Ifenso inali mbali ya chimene tinachedwera. Timu ya mwana wa mlongo wanga pano makolo amasonkha kangachepe mwezi uliwonse, ndalamayo amasunga mayi mmodzi, ndipo ndi ya kombi ndi kujambula basi.

Chikhakha chake anachotsa patatha masabata 4. Mkono unatuluka woonda, wotuwa, dzanja louma, ndipo tsiku lomwelo ankafuna magolovesi ake. Adokotala anakana. Anati fupa longogwirana kumene limathyokanso mosavuta pamalo omwewo m'miyezi yoyamba, ndiye ayambe wasewera kutsogolo, ndipo abwerere pagolo akadzatha kupinda dzanjalo mofanana ndi linzake n'kutsamira nalo pansi osamva kuwawa. Zinatenga masabata ena 6, ndipo ankandikwiyira Loweruka lililonse. Pa X-ray ya miyezi 6 kukhota kuja kunali kutachepa. Pa ya chaka fupa linali litaongoka lokha, kamzere kakuda kali kotseguka kuchokera mbali ina kufika ina, mofanana ndi ka dzanja lamanja. Ali ndi zaka 14 tsopano, wandipitirira paphewa, ndipo mwezi wathawu wayamba kudandaula pansi pa bondo lamanja akamagwada m'tchalitchi. Ndamuchotsera masewero a Lachitatu ndi a Lamulungu, ndipo akochi avomera.